MUNDA NDIWO NKHOKWE YOYAMBA

 Nkhani yathu lero ikuchokera ku Mponela m'boma la Dowa. Tikambirana za munda, za chakudya chimene chimachokera m'mundamo, ndiponso za funso limene banja lililonse la alimi liyenera kudzifunsa nthawi isanathe: kodi ana athu adzalima pati?

Amene munayendapo pa msewu waukulu wa M1 kuchokera ku Lilongwe kupita ku Kasungu mukupadziwa pa Mponela. Basi ikangoima mumalandiridwa ndi utsi wa nyama yambuzi yootcha, ndipo amayi amakuthamangirani ndi malichero a tomato, anyezi, nthochi ndi mtedza. Mukayang'ana kum'mawa mumaona mapiri a Dowa ndi Ntchisi, ndipo kumadzulo kuli dziko lathyathyathya lotsikira ku mtsinje wa Bua. Zambiri zimene zimagulitsidwa pamsika umenewu sizichokera ku minda ikuluikulu ayi. Zimachokera m'timinda ta ekala imodzi kapena awiri, ndiponso m'madimba a m'mbali mwa timitsinje, kwa Dzoole, kwa Kayembe, kwa Chakhaza, kwa Msakambewa, mpaka kwa Kalumo ndi kwa Malenga ku Ntchisi. Mlimi wa khasu ndiye amadyetsa Mponela, ndipo ndi yemweyo amene amathandiza kudyetsa mzinda wa Lilongwe.

Tsono tiyeni tiwerengere limodzi pang'ono. Pa kalembera wa chaka cha 1966, m'dziko lonse la Malawi munali anthu opitirira pang'ono 4 miliyoni. Pa kalembera wa chaka cha 2018 tinapezeka kuti taposa 17.5 miliyoni. M'boma la Dowa lokha munali anthu 772,569, ku Ntchisi 317,069, ndipo pa Mponela penipeni panali anthu oposa 24,000. Boma la Dowa ndi lalikulu mahekitala pafupifupi 304,000. Titati tiligawe mofanana kwa anthu ake onse, kuphatikizapo mapiri, misewu, manda, mabwalo a sukulu ndi malo a nyumba, munthu aliyense angalandire pafupifupi ekala imodzi yokha. Kuchokera m'chaka chimenecho ana ambiri abadwa, koma dziko silinakule ngakhale ndi phazi limodzi.

Makolo athu sankadziwa zogula kapena kugulitsa munda. Malo anali m'manja mwa mfumu, mfumu inkagawira mabanja, ndipo pakati pa Achewa munda unkayenda motsata mbumba, kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana wake wamkazi. Mkamwini ankalima kwa akazi ake, ndipo mwini mbumba ankayang'anira kuti malire asasunthe. Munda ukaguga ankausiya tsala n'kukaswa mphanje kwina. Pakapita zaka tsala lija linkamera thengo, masamba n'kumagwa ndi kuwolerana, nthaka n'kubwerera mwakale. Dziko linkadzichiza lokha chifukwa linali ndi nthawi yopuma.

Zinthu zinayamba kusintha m'zaka za m'ma 1920, pamene azungu awiri, A. F. Barron ndi R. W. Wallace, anayamba kugawira alimi a ku Lilongwe ndi ku Dowa mbewu ya fodya n'kumawagula masamba ake. Ulimi umenewu unafala msanga kotero kuti m'chaka cha 1926 boma la atsamunda linakhazikitsa bungwe la Native Tobacco Board kuti liziuyang'anira. Fodya wa chikopa amafuna nkhuni zomufukizira, ndipo fodya wa bale amene anadza pambuyo pake amafuna mitengo yomangira zigafa. Dziko litalandira ufulu, lamulo la malo la 1965 linapereka mpata woti malo a makolo azisandulika malo a lizi. Maesiteti amene anali pafupifupi 1,200 m'chaka cha 1979 anali ataposa 14,000 pofika 1989, ndipo ambiri mwa iwo anali m'chigawo chapakati. Kuyambira m'chaka cha 1990 alimi ang'onoang'ono nawonso analoledwa kulima bale, ndipo zigafa zinadzaza m'midzi.

Sindikunena izi pofuna kunyoza fodya. Fodya waphunzitsa ana ambiri a ku Dowa ndi ku Ntchisi, wafolera nyumba zambiri ndi malata, ndipo Mponela weniweniyo anakula chifukwa cha ndalama za fodya. Chimene ndikunena n'chakuti thengo lokaswako mphanje linatha, tsala linatha, ndipo munda umene muli nawo lerowo ndi womwewo umene adzukulu anu adzauyang'anire kuti uwadyetse. Munda umenewo ungatichoke m'manja m'njira zitatu, ndipo ndikufuna tiziyang'ane imodzi ndi imodzi.

Njira yoyamba ndiyo kugulitsa. Pa tauni iliyonse imene ikukula, minda ya m'mphepete mwake ikudulidwa mapoloti. Pamene panali chimanga chaka chatha, chaka chino mupeza maziko a nyumba ndi uvuni wa njerwa, ndipo dothi loumbira njerwazo lakumbidwa m'munda womwewo kapena kudambo. Ndili ndi mbale wanga wina, amene sindimutchula dzina, yemwe anagulitsa theka la munda wa amayi ake pafupi ndi msewu kuti agule njinga yamoto ya kabaza. Chaka choyamba zinthu zinayenda, pakhomo pankadyedwa nyama, ndipo anzake ankamuyamikira kuti watulukira nzeru. Chaka chachitatu injini inagwa, ndalama yokonzetsera inasowa, ndipo njingayo inagulitsidwa pa mtengo wongotaya. Lero amachita lendi munda kutali ndi mudzi, amalipira chaka ndi chaka asanadziwe n'komwe ngati mvula idzagwe, ndipo akamapita kumundako amadutsa pa nyumba za lendi zimene zinamangidwa pamalo a amayi ake. Alongo ake awiri, amene mwamwambo ndiwo eni munda uja, anangomva zitachitika kale. Akuluakulu anati madzi akatayika saoleka.

Njira yachiwiri ndiyo kukokoloka kwa nthaka. Iyi ndiyo yoopsa kwambiri ku mapiri a Dowa ndi Ntchisi, pakuti munda umachoka mwini wake akuuona, popanda womupatsa ngakhale tambala imodzi. Kafukufuku amene boma linachita mothandizana ndi mabungwe a United Nations anapeza kuti m'chaka cha 2014 dziko lathu linkataya nthaka yolemera pafupifupi matani 29 pa hekitala iliyonse pa chaka. Kuti timvetse bwino, tiyerekeze ndi matumba a makilogalamu 50 amene timawadziwa tonsefe: matani 29 ndi matumba 580. Munthu atabwera ndi lole usiku n'kudzatapa matumba 580 a dothi m'munda mwanu, mungakuwe mpaka mudzi wonse kudzuka. Koma mvula ikamachita zomwezo mwezi wa Januwale timangoti mtsinje wadzaza. Madzi ofiira amene mumawaona mu Kasangadzi kapena mu Bua nthawi ya dzinja ndi minda ya anthu ikupita kunyanja, ndipo imene imapitayo ndi nthaka yapamwamba, yakuda, yachonde, pamodzi ndi feteleza amene munagula mutagulitsa mbuzi.

Njira yachitatu ndiyo kuguga. Munda ukhoza kukhala pomwepo, malire ake osasuntha, koma mphamvu itautheramo. Chimanga ndi mbewu yadyera, ndipo tikamachibzala pamalo amodzimodzi chaka ndi chaka, n'kumatentha mapesi posaka mbewa kapena pososa, nthaka imauma gwa, imayera, ndipo kaufiti amayamba kuonetsa maluwa ake pakati pa mizere. Kuyambira m'chaka cha 2005 boma lakhala likuthandiza alimi ndi feteleza wotsika mtengo, ndipo kumene mvula inagwa bwino thandizoli linachulukitsa chimanga. Komabe feteleza amadyetsa mbewu ya chaka chimodzi, sabwezeretsa thupi la nthaka. Pofika chaka cha 2025 thumba limodzi la feteleza m'sitolo linali litaposa K100,000. Mlimi amene nthaka yake singabereke popanda matumba anayi ali ngati munthu wochita lendi m'munda wake womwe.

Mwina wina akufunsa kuti, kodi zonsezi zikukhudzana bwanji ndi chakudya cha makolo? Zikukhudzana kwambiri, chifukwa mbale ya nsima ndi ndiwo imaonetsa mmene munda ulili. Takumbukani munda wa agogo anu. Pakati pa chimanga pankayanga maungu, nkhaka ndi mphonda. Nyemba ndi khobwe zinkakwera mapesi. Kumbali kunali ndime ya mtedza wa Chalimbana, ndime ya nzama, ndi kachigawo ka mawere opangira chimera cha thobwa. Polimira, agogo sankazula chisoso, bonongwe, luni kapena denje, chifukwa ankadziwa kuti zimenezo ndi ndiwo. Masamba akachuluka ankafutsa nkhwani, chitambe ndi khwanya, n'kusunga mfutsowo m'zikwatu za masamba a msuku zopachika kudenga, kuti mwezi wa Okutobala, kunja kuli gwaa, ana adye ndiwo zotendera. Kuthengo kunkachokera bowa, masuku, nthudza, maye ndi matowo. Munda wotere unkafunda nthaka ndi masamba, kotero kuti madontho a mvula sankaimenya mwachindunji, ndipo mbewu za mtundu wa nyemba zinkaibwezera chonde kudzera m'timaphundu ta kumizu kwake. Chimene chinkasunga thanzi la mwana ndi chomwecho chimene chinkasunga thanzi la nthaka.

Lero a zaumoyo amatiphunzitsa za magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, zanyemba, zanyama, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Mukaonetsetsa mupeza kuti munda wa agogo uja, pamodzi ndi khola la nkhuku ndi nkhunda, unali nawo magulu onsewa. Koma kafukufuku wa boma wa zaka za 2015 ndi 2016 anapeza kuti mwa ana 100 aliwonse osakwana zaka 5, ana 37 anali opinimbira. Kupinimbira sikudza chifukwa chosowa nsima kokha. Mwana akhoza kukhuta nsima tsiku ndi tsiku koma osakula bwino, ngati ndiwo zake zili zamtundu umodzimodzi. N'zomvetsa chisoni kuona mayi akugulitsa mtedza wake wonse ndi soya yense kwa mavenda mwezi wa Meyi, kenaka n'kumagulira mwana zakumwa zotsekemera ndi tokazinga ta m'mapepala, phala la mwanayo lilibe ndi nsinjiro zomwe.

Amene anaona njala ya 2002 m'maboma a Dowa, Ntchisi ndi Kasungu safunika kuuzidwa zambiri. Anthu anadya gaga ndi zitsa za nthochi, anagulitsa ziweto, njinga ndi ziwiya pa mtengo wongotaya, ndipo ena anasiya minda yawo osalimira chifukwa chothamangira maganyu m'minda ya eni. M'mwezi wa Malichi 2024, chifukwa cha ng'amba, Mtsogoleri wa dziko analengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 ali pa ngozi. Zaka zoterezi zidzabweranso, pakuti chakudza sichiimba ng'oma. Ndipo pa chaka cha ng'amba, banja limene lili ndi ndime ya mbatata, mizere ya chinangwa, mapira pang'ono ndi dimba limagona ndi kanthu m'mimba pamene chimanga chakanika.

Nanga tichitenji? Ndiyambe ndi nthaka ya kumapiri. Achikulire amakumbukira malimidwe a m'zaka za m'ma 1950, pamene boma la atsamunda linkakakamiza anthu kuunda mizere yopingasa ndi milambala, ndipo wokana ankalipitsidwa chindapusa kapena kumangidwa. Anthu anadana nawo malimidwe amenewo, ndipo anali ndi chifukwa, pakuti munthu salimira chikwapu. Koma madzi sadziwa ndale. Amatsika phiri lero monga momwe ankatsikira masiku amenewo. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano mundawo ndi wanu ndipo phindu lake ndi lanu. Funsani mlangizi wa zaulimi wa kwanuko akuonetseni kayezedwe ka akalozera ndi kachipangizo ka mitengo itatu kooneka ngati chilembo cha A. Undani mizere yanu motsata akalozerawo, bzalanipo udzu wa vetiva, ikani ngonyeka pakati pa mizere kuti madzi alowe pansi m'malo mothamanga, ndipo tsekani zigwembe ndi miyala ndi zikhomo zisanakule. Musalime mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje. Nkhalango ya phiri la Ntchisi, imene inatetezedwa ndi boma m'chaka cha 1924, ndi mboni yathu: kumene mitengo yatsala, akasupe sanaphwe.

Chachiwiri, idyetseni nthaka. Mapesi si zinyalala, ndi chakudya cha munda, choncho musawatenthe. Kumbani nkhuti za manyowa mukangokolola. Alimi ambiri tsopano akupanga manyowa a Mbeya posakaniza ndowe, gaga, phulusa, madzi ndi feteleza pang'ono, n'kuzitsekera m'thumba masiku 21, ndipo potero feteleza wochepa amafika patali. Kasinthasintha wa mbewu asaiwalike: pamene panali chimanga chaka chino pabwere mtedza, soya kapena nyemba chaka chamawa. Akatswiri a ku Chitedze, malo a kafukufuku wa zaulimi amene ali pafupi ndi Lilongwe, anatulutsa mbewu za mtedza monga CG7 ndi Nsinjiro zimene zimachita bwino m'chigawo chapakati. Palinso njira yobzala nandolo pakati pa mtedza m'munda umodzi: mtedza umakhwima msanga, nandolo amatsala akukula, mizu yake imaboola nthaka yolimba, masamba ake amayoyoka n'kusanduka manyowa, ndipo mitengo yake ndi nkhuni. Vuto la nandolo kuno kwathu ndi mbuzi ndi ng'ombe zimene zimatayiriridwa anthu akangokolola chimanga. Limeneli si vuto la munthu mmodzi, ndi nkhani yofunika mfumu ndi mudzi wonse kupangana. Ndipo mukapeza msangu wamera m'munda, usiyeni. Mtengo umenewu umayoyola masamba nthawi ya dzinja, motero suphimba mbewu, ndipo chimanga cha pansi pake chimadzionetsera chokha.

Chachitatu, bwezerani ulemu ku chakudya chathu. Musanagulitse mtedza, nyemba kapena soya, yambani mwapatula za pakhomo zokwanira chaka chonse, pakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Umitsani bwino mtedza wanu ndipo musauwaze madzi posenda, kuopa chuku chimene chimawononga chiwindi. Bzalani mbatata yofiira m'kati, monga Zondeni kapena Kadyaubwerere, imene imateteza maso ndi matupi a ana. Atsikana ndi anyamata omwe aphunzire kufutsa ndiwo agogo awo akadali moyo. Ndipo inu a m'tauni, amene mumalandira malipiro pakutha pa mwezi, dziwani kuti mukagula nzama, mawere, nkhuku yachikuda kapena mulu wa bonongwe pamsika, ndalama yanu yapita m'manja mwa mlimi, ndipo mwamupatsa chifukwa chosungira munda wake ndi mbewu za makolo ake. Mbewu imene ilibe woigula imatha mwakachetechete.

Chachinayi ndicho chovuta koposa, ndicho nkhani ya kugulitsa malo. Sindikufuna kuweruza munthu amene anagulitsa munda mwana ali m'chipatala kapena fizi itasowa. Umphawi ulibe manyazi, ndipo tauni nayo iyenera kukula, pakuti anthu afunika nyumba, sukulu ndi misika. Chimene ndikupempha n'chakuti munda usagulitsidwe m'chibisibisi, ndi munthu mmodzi, pa bala kapena kuseri kwa golosale. Mbumba yonse ikhale pansi, amayi alankhule, ndipo pafunsidwe ngati palibe njira ina, monga kubwereketsa mundawo kwa chaka chimodzi kapena ziwiri pamaso pa mboni, kugulitsa chiweto, kapena kukongola ku banki ya m'mudzi. Lamulo la malo a makolo la 2016, limene linayamba kugwira ntchito m'chaka cha 2018 ndi kukonzedwanso m'chaka cha 2022, limalola munthu kapena banja kulembetsa malo awo, ndipo limati mu komiti yoona za malo kwa gulupu mukhale amayi osachepera atatu. Zolembetsa malo si zachilendo m'chigawo chino, pakuti chitukuko cha malo cha ku Lilongwe chimene chinayamba m'chaka cha 1968 chinalembetsa malo a mabanja ambiri monga ndunda. Langizo langa n'lakuti kumene kalembera wa malo wafika, onetsetsani kuti pa chikalatapo palembedwe maina a eni ake onse, osati dzina la munthu mmodzi wodziwa kulankhula. Chikalata chikhale mpanda wotchinga munda, chisakhale khomo loutulutsira.

Kwa inu mafumu athu, ndikulankhula mwaulemu wonse. Inu ndinu osunga dziko, ndipo dzikolo munalilandira kwa amene anagona kuti mudzalipereke kwa amene sanabadwe. Pamene tauni ikufutukuka, khalani pansi ndi a khonsolo ndi anthu anu, muloze malo a miyala ndi ouma kuti kumeneko ndiko kumangidwe nyumba, ndipo madambo ndi minda yachonde isiyidwe kuti izidyetsa anthu. Nyumba ingamangidwe pathanthwe, koma chimanga sichingamere pasimenti. Mutu umodzi susenza denga, ndipo mudzi umene wapangana za madambo ake, za ziweto zake ndi za moto wolusa umapulumutsa minda yambiri kuposa mmene munthu mmodzi angachitire.

Omvera anzanga, timanyadira nkhokwe yodzaza, ndipo n'koyenera kutero. Koma nkhokwe ya nsungwi imangosunga zimene munda wapereka. Nkhokwe yoyamba ndi nthaka, ndipo imeneyo ikabooka, zinazo zimangokhala mitengo yoimika pabwalo. Mawa m'mawa, musanagwire ntchito ina, tengani mwana wanu kapena mdzukulu wanu muyende naye m'malire a munda wanu. Muonetseni pamene pathera malo a banja lanu, mumuuze amene anaswa mphanje pamenepo, ndipo muyang'ane limodzi pamene madzi ayamba kukumba. Pamenepo ndi poyambira ntchito ya chaka chino.